Mlongo Wake wa Swaleh

Timu ya dziko ya anyamata osapitirira zaka 17 tinkaidziwa ndi chinthu chimodzi: kubwerako msanga. Inkanyamuka pa ndege ndi nyimbo, n'kukasewera masewero atatu kunja, basi yabwerako. Pa wailesi mawu anali omwe aja chaka ndi chaka. Anyamata ayesetsa, mwayi sunali mbali yathu, taphunzirapo zambiri. Kwathu kuno ku Mwadzama tinkati ana amenewa ndiye ophunzira kuposa onse m'dziko muno, pakuti chaka chilichonse ankangophunzira osakhoza. Munthu akapita ku Benga kukagula mchere n'kubwerako msanga, tinkamufunsa ngati walowa timu ya dziko.

Chaka chimene ndikunenachi zinthu zinasintha, ndipo amene anazisintha anali mkamwini wa m'mudzi mwathu, Swaleh.

Swaleh kwawo kunali ku Dwangwa, kumene makolo ake ankadula nzimbe asanamwalire. Anabwera kuno kudzakoka makoka, n'kuona Aziza, mwana wa mayi Mwanahalima, akugulitsa zitumbuwa padoko. Ukwati anamangitsira ku mzikiti, ife tinadya mpunga. Anamanga nyumba kuseri kwa apongozi ake monga amachitira mkamwini aliyense, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Shamsa. Pa nthawi ya nkhaniyi Shamsa anali atayamba kale kutumidwa kukapala moto kwa aneba. Ndiye zaka za bambo ake werengani nokha.

Koma Swaleh anali ndi thupi lonamiza. Wamfupi, wowonda, chibwano chosalala chopanda ndi ndevu imodzi yomwe. Akanati avale kabudula wa sukulu, aphunzitsi akanamutuma kukasesa. Ndipo mpira ankautha, zimenezo sitimunamizira. Miyendo yozolowera kukoka makoka mumchenga ikafika pa bwalo louma inkachita kuuluka.

Amene anamuona anali Ramsey, kochi wa katimu kena ka ku Dwangwa, munthu wodziwa njira zachidule zonse. Anamufunsa zaka, Swaleh anamuuza zoona, Ramsey n'kupukusa mutu.

"Zachuluka zimenezo. Tichotsako."

Anazichotsadi mpaka zinatsala 16. Mmene anachitira ife sitikudziwa. Amati ku likulu kuli makina oyeza mafupa a pamkono ogwira anthu onama zaka, koma Swaleh makinawo anamudutsitsa. Mwina nawonso amakonda mpira.

Swaleh atasankhidwa m'timu ya dziko, Ramsey anabwera kumudzi kudzalankhula ndi Aziza. Anakhala pampando, Swaleh pambali pake akukolokosa pansi ndi kamtengo.

"Alamu, nkhani ndi iyi," anatero Ramsey. "Maiko anzathuwa amatumiza madoda ometa ndevu m'mawa ndi madzulo. Ife timatumiza tiana ta Fomu 2, n'chifukwa chake timakwapulidwa. Palibe tchimo apa, tikungofanana nawo. Koma mwana wa zaka 16 sakhala ndi mkazi. Alendo akafunsa, inu ndinu mlongo wake. Kamtsikanako ndi kanu, iyeyu ndi malume ake."

Aziza anayang'ana mwamuna wake. "Bambo a Shamsa, mwamva zimene akunenazi? Ine mlongo wanu?"

"N'za kanthawi, mayi a Shamsa."

"Mpaka liti?"

Swaleh anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunamugonjetsa Aziza. "Timu yathu sukuidziwa? Masewero atatu, tabwerako. Ndingokwerako ndege, ndione kunja, basi."

Aziza anaganiza, n'kuona kuti n'zoona. M'moyo wake wonse timu imeneyi inali isanakhumudwitsepo munthu woyembekezera kuti igonja. Anavomera.

Mayi Mwanahalima anamva nkhaniyi kwa Aziza, pakuti Swaleh sakanatha kuwauza yekha. Chikwatirireni m'banjamo anali asanayang'anepo apongozi ake m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chinangwa mpaka mnzake adutse. Pakakhala zoti auzane, mmodzi ankakhala kuseri kwa khoma, mawu n'kumadutsa mwa Aziza. Dzina loti Swaleh linali lisanatulukepo m'kamwa mwawo. Ana a masiku ano ena anazitaya zimenezi, koma mayi Mwanahalima ayi, ndipo ankanyadira kuti anapeza mkamwini wodziwa ulemu. Atamva za mlongo, anangoti, "Za mpira ine sindizidziwa," n'kupitiriza kusenda chinangwa chawo.

Masewerowo tinkaonera m'nyumba ya kanema ya ku Benga, titapanikizana, thukuta lili kamukamu. Aziza ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Masewero oyamba tinafanana mphamvu. Achiwiri Swaleh anagoletsa ndi mutu, munthu wamfupi kuposa onse pabwalo, ndipo tinapambana. Woulutsa anakuwa kuti kamnyamata ka zaka 16 kagwedeza ukonde. Msodzi wina mwa chisangalalo anakuwa kuti, "Bambo a Shamsa!" Anzake anamutseka pakamwa ngati kuti kanemayo ali ndi makutu.

Pa masewero achitatu Aziza anadzipeza akupemphera kuti timu ya dziko lake igonje. Anabisa nkhope mumpango pochita manyazi ndi pemphero lakelo, koma sanalibweze. Mulungu sanamumvere. Swaleh anagoletsanso, ndipo kwa nthawi yoyamba m'kukumbukira kwathu anyamata aja sanalongedze zikwama.

Atatha masewero anamuimika pa kanema, thukuta likutsika, n'kumufunsa amene akumupatsa chigolicho.

"Mlongo wanga Aziza," anatero Swaleh osaphethira n'komwe. "Ndi amene amandichapira yunifomu."

Nyumba yonse inatembenuka kuyang'ana kukhomo, kenako inaphulika ndi phwete. Aziza anatuluka masewero ena asanayambe.

Kuyambira pamenepo dzina lake linatha. Pamjigo amayi ankamulonjera mwaulemu wonyoza. "Mwadzuka bwanji, mlongo wake wa Swaleh? Achimwene anu aja abwera liti?" Wina anafika pomufunsa ngati mnyamatayo ali ndi chibwenzi, pakuti iye ali ndi mwana wake wamkazi wa msinkhu womwewo. Onse anaseka. Aziza nayenso anaseka, chifukwa akanapanda kuseka akanalira. Ndowa yake anaisenza isanadzaze.

Komabe chinsinsi tinachisunga, mudzi wonse. Munthu wachilendo akafunsa, aliyense ankati inde, Swaleh ndi mwana wamng'ono kwambiri, tinamuona dzulodzuloli akukwawa. Tinali titatopa ndi kugonja, ndipo mwana wa kwathu anali pa kanema.

Timu inagonja pa masemifainolo, koma inatenga malo achitatu n'kubwera ndi mendulo. Ndi mendulozo kunabweranso mphekesera yoti timu ina ya kutsidya kwa nyanja zamchere ikufuna kumutenga Swaleh, ikamusunge kusukulu yake ya mpira mpaka akule. Aziza atamva mawu oti mpaka akule, anabwereka foni n'kumuimbira.

"Bambo a Shamsa, munati masewero atatu."

"Usamanditchule choncho pa foni, anzanga ali pafupi."

"Ndizikutchulani chiyani? Akuti akutengani kunja mpaka mukule. Inu mukukula, ine ndizikhala ndani?"

Aziza ankamva anyamata akuseka chapatali.

"Loweruka kuli mwambo wondilandira ku Benga," anatero Swaleh chonong'ona. "Kubwera akuluakulu a mpira ndi a kanema. Upirire tsiku lokhalo. Likadutsa tikhala pansi, tikambirana."

Loweruka Aziza anasiya Shamsa kwa aneba, poopa kuti mwanayo angathamangire bambo ake akukuwa. Shamsa analira, anagwira chitenje cha mayi ake, akuti akufuna kukaona ababa. Aziza anamasula tizala take kamodzikamodzi n'kuchoka osacheuka. Njira yonse ya ku Benga mtima unkamuwawa.

Mwambo unachitikira pabwalo la sukulu, dzuwa lili pamutu. Anakhoma tenti ya akuluakulu, ana a sukulu anaimba, ndipo mkulu wina wa mpira analankhula nthawi yaitali za mbewu yatsopano imene dziko lafesa. Swaleh anaima kutsogolo atavala zovala za timu, chipewa kumutu, mendulo pachifuwa. Ankaoneka mwana ndithu. Aziza anakhazikidwa pampando wa kutsogolo. Mayi Mwanahalima anabwera nawonso, pakuti chisangalalo cha mkamwini sachikana, koma anaima kutali pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amayi anzawo.

Wa kanema anali mtsikana wochangamuka, dzina lake Dyna. Anabwera kwa Aziza ndi cholankhulira, mawu ake akumveka pa zokuzira mawu bwalo lonse.

"Inu ndiye mlongo wake wa ngwazi yathuyi?"

"Eya," anatero Aziza.

"Mukumva bwanji lero?"

"Ndasangalala."

"Nanga amayi anu alipo?"

Ramsey anali atamuphunzitsa zambiri. Chaka chobadwa cha Swaleh, sukulu imene ankati amaphunzira, kalasi yake. Za amayi sanaganizeko. Ndipo ndani angakane mayi ake iwo ali chiimire poteropo akumva?

"Alipo," anatero Aziza. "Ndi awo ali pamango apo."

Ananena asanaganize, ndipo anazindikira mawuwo atatuluka kale. Dyna anatembenuka nkhope ili ngwee.

"Abale ndi alongo, mayi amene anatiberekera ngwaziyi ali pompano! Amayi, bwerani kutsogolo kuno. Bwerani mudzamukumbatire mwana wanu, dziko lonse lione!"

M'tenti anaomba m'manja. Kumbali yathu ya anthu a kumudzi kunangoti zii. Ngakhale ana anasiya kusewera.

Mayi Mwanahalima anayesa kubisala kumbuyo kwa anzawo, koma kamera inali itawapeza kale, ndipo bambo wina wa tayi anatsika kukawagwira dzanja. Akuluakulu akakuitana pagulu sukana. Anayenda pang'onopang'ono, maso pansi. Atatsala pang'ono kufika pamene panaima Swaleh, miyendo yawo inakana. Anagwada chammbali, n'kukokera mpango kumaso.

Swaleh nayenso thupi lake linachita zimene linazolowera. Chipewa chinali kale m'manja, nkhope itatembenukira kumbali, mawondo akupindika.

Palibe Mmalawi amene sangazindikire zimenezo. Dyna anatsitsa cholankhulira pang'ono, kumwetulira kukuzilala. M'tenti akuluakulu anayang'anana. Mayi wina wa magalasi anauza mnzake, mokweza kuposa mmene ankafunira, kuti, "Koma akuchita ngati apongozi bwanji?"

Ramsey anali kumbuyo kwa Swaleh. Tinamuona akusendera, milomo ikugwedera. "Pita," anatero. "Pita, iwe, tonse tithera pompano."

Swaleh anayang'ana Aziza kamodzi. Aziza sanagwedeze mutu. Anangomuyang'ana mwamuna wake, ndipo mumtima mwake ankati, nenani, bambo a Shamsa. Nenani kuti awa ndi apongozi anga, uyu ndi mkazi wanga. Atilande mendulo, tibwerere kwathu tikakoke makoka.

Swaleh anavala chipewa chake. Anayenda mpaka pamene anagwada mayi Mwanahalima, anawagwira m'mikono n'kuwaimiritsa. Anawachotsa mpango kumaso ndi dzanja lake. Kenako anawakumbatira, chifuwa ndi chifuwa, tsaya lake pa tsaya lawo, monga amachitira anthu a pa kanema. Anavula mendulo n'kuwaveka m'khosi.

"Awa ndi amayi anga ondibereka," anatero pa cholankhulira. "Akungochita manyazi ndi kamera."

M'tenti munabuka chisangalalo. Mayi wa magalasi uja anapukuta misozi. Dyna anamwetuliranso, n'kunena kuti amayi a kumudzi ndi odzichepetsa. Ng'oma zinalira.

Ife sitinaombe m'manja. Bambo wina wachikulire pafupi nane anangoti, "Asitafirullah, Mulungu atikhululukire," n'kutembenuka kumapita. Amayi ena anaphimba maso a ana awo. Manja a mayi Mwanahalima anali lende m'mbali, owuma ngati nkhuni, ndipo maso anali atatsinzina. Ine ndakhalapo pa milandu ya chigololo ndi ya kuba mbuzi, koma manyazi ngati a tsiku limenelo sindinawaonepo. Tinachita manyazi tonse, chifukwa bodzalo tinalilera limodzi.

Atangowamasula, mayi Mwanahalima anavula mendulo ija, anaiika pampando wopanda munthu, n'kuuyamba wa kumudzi. Aziza anawatsatira. Aziza ankafuna kupepesa, koma mawu oyambira ankasowa. Atafika kunyumba, mayiwo anatunga madzi okha, analowa kubafa, ndipo anakhalitsako. Aziza anakatenga Shamsa kwa aneba, n'kukhala naye pakhonde la mayi ake.

Swaleh anafika chakumadzulo dzuwa litapendeka, galimoto ya akuluakulu itamutsitsa pamsewu. Chikwama chinali paphewa, mendulo m'thumba. Shamsa anamuthamangira n'kumukwera, iye anamunyamula. Atayandikira nyumba ya apongozi ake anaima patali, pafupi ndi khola la nkhuku, pamene ankaima nthawi zonse. Anavula chipewa n'kunjuta.

Mayi Mwanahalima anatuluka m'nyumba nkhope ili poyera. Anakhala pampando pakhonde, n'kumuyang'ana m'maso.

"Swaleh," anaitana. "Iwe Swaleh. Bwera kuno."

Kwa Aziza, dzina limenelo m'kamwa mwa mayi ake linamveka ngati kutukwana. Aneba amene anali atayamba kusonkhana kumpanda anagwira pakamwa.

Swaleh sanasunthe.

"Ukuopa chiyani? Sindine mayi ako? Bwera ukhale apa pafupi."

Anabwera mokoka miyendo, anatsitsa mwana, n'kukhala pansi m'mphepete mwa khonde, mutu uli pakati pa mawondo.

"Pepani, amayi. Ndalakwa. Zinali za pa kanema chabe."

"Manja ako anali a pa kanema? Tsaya lako linali la pa kanema?" Mawu awo sanakwere. "Ine ndinabereka ana aakazi okhaokha. Lero Mulungu wandipatsa wamwamuna, pamaso pa dziko lonse. Alihamudulillah. Ndakulandira. Uzidya pano, uzilowa m'nyumba muno, uzindiyang'ana mmene ungafunire. Ulemu wa mkamwini ndakumasula."

"Amayi..."

"Koma pakhomo panga mlongo sagona m'nyumba ya mlongo wake. Zimenezo ndiye sindingazione ndili moyo." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Aziza, katenge katundu wako ndi wa mwana. Ubwere nazo kuno."

Aziza sanadzuke nthawi yomweyo. Anali ndi zaka zake, anali ndi nyumba yake, ndipo akanatha kukana. Swaleh anadzutsa mutu.

"Mayi a Shamsa, auze. Ukudziwa kuti ndachitira ife tomwe. Ndikapita kunja ndikumangirani ya malata, Shamsa adzaphunzira sukulu yabwino."

"Ndamva," anatero Aziza. "Ndili ndi funso limodzi, bambo a Shamsa. A kanema aja agona ku boma, sanapite. Mawa mungapite kukawauza kuti ine ndine mkazi wanu?"

Swaleh anayang'ana chikwama chake chokhala ndi mbendera ya dziko.

"Ndikanena, alanda mendulo za timu yonse," anatero. "Anzanga aja sanalakwe kanthu. Dziko lonse lichita manyazi chifukwa cha ine."

"Nanga mwezi wa mawa?"

Swaleh anayang'ana pansi.

"Chaka cha mawa?"

Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi mapazi ake. Shamsa ankasewera ndi zipi ya chikwama, akufunsa ngati muli masiwiti. Aziza anadikira yankho nthawi yokwanira, mwina yopitirira. Kenako anadzuka, anamanga chitenje bwinobwino, n'kuzungulira kuseri kumene kunali nyumba yawo.

Katundu wake sanali wambiri. Zovala zake ndi za mwana anazimanga mu chitenje chimodzi, miphika iwiri anaiika m'beseni. Mphasa anaisiya, pakuti anagula ndi Swaleh. Atasenza beseni n'kutembenuka, anapeza mwamunayo ataima pakhomo, manja atagwira mafelemu mbali zonse ziwiri, misozi ikutsika pa nkhope yosalala ija. Tsopano ankaonekadi wa zaka 16.

Aziza anapinda mawondo pang'ono, mwaulemu, beseni lili pamutu.

"Pepani achimwene," anatero. "Ndidutse nawo."

Swaleh anachotsa dzanja limodzi, ndipo Aziza anadutsa.